Chigamba cha Nkhumba pa Mimba ya Munthu: Kodi Nchodetsa?

Munthu wa ku Magomero akabooka matumbo ndi nthenda ya taifodi, abale ake amathamangira naye ku Chiradzulu, ku Nguludi kapena ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre. Madokotala amang'amba mimba, natsuka mafinya, nasoka. Koma nthaŵi zina balalo limaola, ulusi umamasuka, ndipo minofu ya pamimba imakana kukumananso. Pamenepo pamafunika chigamba.

Mu 1958 dokotala wa ku Amereka, Francis Usher, adafalitsa njira yotsekera malo ofooka a pamimba ndi kaukonde ka pulasitiki. Kaukondeko nkolimba, koma pa bala la mafinya tizilombo timatha kubisala m'menemo, popeza pulasitiki ilibe magazi. Nchifukwa chake akatswiri adapanga chigamba china kuchokera ku chikopa cha nkhumba, ku nembanemba yokuta mtima wa ng'ombe, kapena ku khungu la munthu wakufa amene adalipereka. Amachotsamo maselo onse a mwini wake, nkutsala mlimba wokhawokha, monga phaso la nyumba lisanafoleredwe. Mitsempha ya magazi ya wodwala imaloŵerera m'phasolo, ndipo pang'onopang'ono thupi limamangapo mnofu wakewake.

Apa mpamene mtima wa mkhristu umafunsa: kodi munthu, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, angasokereredwe chikopa cha chiŵeto osataya ulemu wake? Nanga kutenga khungu la womwalira sikunyoza maliro?

Eklezia adayankhapo kale. M'mwezi wa Meyi 1956 Papa Pio wa 12, polankhula ndi madokotala a maso, adaphunzitsa kuti kuika kachiŵalo ka munthu wakufa, ngakhale ka nyama, pa diso la wakhungu si tchimo, malinga mtembo ulemekezedwe ndipo eni ake avomere. Papa Yohane Paulo wachiŵiri adabwereza chiphunzitsochi ku Roma mu 2000, nakumbutsa kuti chiŵalo chochokera ku nyama chisasokoneze umunthu wa wochilandira. Chigamba cha pamimba sichikhudza nzeru, chikumbumtima kapena mbeu yoberekera. Woloŵa m'chipinda cha opaleshoni ndi yemwe uja wotulukamo.

Tikaganiza mofatsa, thupi lathu lonse nlolandira. Magazi athu ndi nsima, nandolo ndi matemba zimene tidadya dzulo. Mafupa athu adayambira m'mimba mwa amayi. Palibe adadziumba yekha. Wonyansidwa ndi chigamba chotere waiŵala kuti adachokera kudothi limodzi ndi zolengedwa zinzake. Ulemu wa munthu umachokera kwa Amene adamuuzira mpweya, ndipo mpeni wa dokotala sungauchotse.

Komabe pali malire aŵiri. Loyamba ndi choonadi. Kuno ku Chiradzulu timakhala ndi anansi athu Asilamu ndi a mpingo wa Seventh Day, amene sadya nkhumba. Wodwala aliyense ayenera kuuzidwa kumene chigambacho chachokera, auzidwenso kuti nacho chimatha kufooka bala nkutukumukanso, kenaka asankhe yekha. Kumchiritsa munthu momnamiza ndiko kumtenga ngati thumba longosoka. Ndipo mkhristu asaseke mnzake amene wakana chifukwa cha chikumbumtima chake.

Lachiŵiri ndi chilungamo. Zigamba zimenezi nzokwera mtengo kwambiri, kotero kuti mlimi wa chimanga sangazilote nkomwe. Madokotala athu kaŵirikaŵiri amatsuka balalo masiku ambiri, kenaka nkusenda kakhungu ka pantchafu ya wodwala yemweyo kukaphimba pamimba. Pamasabata ameneŵa wodwala amadalira womdikirira, phala lopatsa mphamvu, ndi magazi operekedwa ndi anthu osawadziŵa.

Choncho, abale, funso la chigamba latibwerera ife tomwe. Ngati kulandira sikudetsa, tilekerenji kupereka? Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service likafika pasukulu kapena paparishi, tisathaŵe. Limana likamva kuti wina wagonekedwa ndi bala losapola, ligaŵane masiku omdikirira ndi kumtumizira ufa. Mwa odwala otere, ambiri sadzaona chigamba cha kunja, adzaona ife.