Mphwanga, Pulinta Nayo Ili ndi Keyala Yake

Mphwanga,

Makiyi a shopu ndakupatsa kale, ndipo maso angawa sakundilolanso kukhala tsiku lonse pa kompyuta. Koma pali zina zomwe sizilowa m'thumba limodzi ndi makiyi. Khala pansi uwerenge modekha, chifukwa ndikufuna tikambirane za pulinta ija mwakhala mukulimbana nayo iwe ndi anzako sabata yonseyi.

Ine ntchitoyi ndinayamba ndi taipilaita ndi makina a Gestetner opukusa ndi dzanja. Tinkataipa pa sitensulo, ukalakwitsa chilembo n'kupakapo mankhwala ofiira aja, n'kudikira aume. Makina amenewo akakana, vuto unkaliona ndi maso: inki yatha, kapena sitensulo yang'ambika. Pulinta ya lero ikakana, nthawi zambiri iyoyo ili bwinobwino. Chasokonekera ndi njira yomwe kalata imadutsa kuchoka pa kompyuta kupita ku rauta, kuchoka ku rauta kukafika ku pulinta. Njira imeneyo uidziwe monga udziwira msewu wochokera pa boma kufika kuno ku Senga Bay, mokhota monse ndi mokumbika monse.

Chipangizo chilichonse chikalowa pa Wi-Fi, kaya foni, laputopu kapena pulinta, rauta imachipatsa nambala yake, yomwe akatswiri amati IP adiresi. Rauta yathuyi ndi 192.168.8.1, ndipo zonse zolumikizidwa nayo zimayamba ndi 192.168.8, kusiyana kuli pa nambala yomaliza. Marauta ena amakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, ukagadabuza upeza zalembedwa pa kapepala komata kunsi. Tsono chinsinsi chili apa: nambalazi rauta imangobwereketsa, sipereka zamuyaya. Kabwereketsedwe kameneka ndi komwe umaona palembedwa DHCP.

Taganiza za padoko m'mamawa, mabwato akamabwera kuchokera ku usipa. Wofika koyamba amakocheza pomwe wafuna, wobwera mochedwa amakocheza pomwe patsala. Mayi wogula nsomba akangolunjika pomwe msodzi wake anakocheza dzulo, apezapo bwato la wina, n'kubwerera akuti msodziyo lero sanapite panyanja, chonsecho ali chapomwepo, mapazi makumi awiri okha kumpoto. Ndi zomwe zimachitika magetsi akathima n'kuyakanso. Marauta ang'onoang'ono ambiri akazima amaiwala kuti nambala iyi anabwereka ndani. Akayaka, foni ya munthu imathamangira kutenga nambala yomwe dzulo inali ya pulinta, pulinta n'kulandira ina. Kompyuta ikupitabe ku nambala yadzulo, sikupeza kanthu, n'kukuuza kuti pulinta ili offline.

Izi ndinazimvetsa mu 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankathima maola ambiri tsiku ndi tsiku, ngakhale kuno ku Salima komwe kuli sola yaikulu ya mamegawati 60 ku Nanjoka, pakuti mphamvu yake imalowa m'mawaya a dziko lonse. Miyezi imeneyo ndinkachotsa pulinta pa kompyuta n'kuilowetsanso pafupifupi m'mawa uliwonse. Inkagwira tsiku limodzi, mawa lake yasowanso. Mnyamata wina wokonza makompyuta a pa loji ina ndiye anandionetsa chomwe chinkachitika, ndipo sindinachite manyazi kuphunzira kwa mwana wa msinkhu wako. Safunsa anadya phula.

Mankhwala ake ndi kuipatsa pulinta malo ake okhazikika padoko. Uyambe wauza pulinta itulutse pepala la zambiri zake za netiweki, batani lake lili pa kagalasi ka pulintayo pomwe pali za Wi-Fi. Papepalapo upezapo nambala ziwiri: IP adiresi yomwe yabwereka lero, ndi ina yotchedwa MAC adiresi, ya zilembo ndi manambala 12, yomwe ndi chizindikiro chobadwa nacho ndipo sisintha. Kenako utsegule intaneti pa kompyuta, pamwamba polemba keyala ulembe 192.168.8.1, ulowe ndi pasiwedi ya rauta. Ufufuze pa DHCP, pali malo omangirira MAC adiresi ku nambala imodzi. Uuze rauta kuti chizindikiro ichi nambala yake ndi 192.168.8.50 mpaka kalekale. Rauta ina ikakhala yopanda malo amenewo, nambalayo ukailembe m'pulinta mwenimwenimo, koma usankhe yomwe ili kunja kwa gulu la nambala zomwe rauta imabwereketsa, kuti isadzapatsidwenso kwa foni ya munthu, ziwirizo n'kumakanganirana malo amodzi. Ukatero ubwerere pa kompyuta iliyonse ya m'shopu, uilowetse pulintayo pogwiritsa ntchito nambala yatsopanoyo. Ndi ntchito ya theka la ola basi, koma idzakupumitsa chaka chonse.

Ndi zomwe ndinachita pa rauta yakale ija. Iwe unagula yatsopano mwezi wathawu, unachita bwino, koma yatsopanoyo siidziwa pulinta yathu. Vuto lanu lonse la sabata ino lagona pamenepo.

Magetsi akabwera, usayatse zonse nthawi imodzi. Udikire kaye akhazikike, chifukwa amene amabwera mwaukali mphindi zoyambazo ndiwo amaotcha zinthu. Uyambe rauta, uipatse mphindi ziwiri kapena zitatu nyali zake zonse ziyake, kenako pulinta, kompyuta pamapeto. Pulinta ikadzuka rauta isanadzuke, imaitana osayankhidwa, ndiye imadzipatsa yokha nambala yoyamba ndi 169.254. Ukaona nambala imeneyo papepala lija, dziwa kuti siinakumane ndi rauta. Ingoizimitsa n'kuiyatsanso.

Rauta yako yatsopanoyo ili ndi mayina awiri a Wi-Fi, lina la 2.4 GHz lina la 5 GHz. Mapulinta ambiri otsika mtengo amamva la 2.4 lokha, la 5 salimva n'komwe. La 2.4 ndilonso limaboola bwino khoma la njerwa. Rautayo usaiyike pansi pa tebulo, kapena kuseri kwa kabati yachitsulo, kapena kuiphatika ku malata. Iyike pamwamba, poonekera. Koma ukandifunsa ine, pulinta ya shopu ikakhala ndi pobayira kebulo ya netiweki, gula kebulo uilumikize ku rauta. Waya sasokonezedwa ndi khoma, saiwala pasiwedi. Wi-Fi usiyire mafoni.

Ndakumva kawiri ukuuza kasitomala kuti sitingapulinte chifukwa bandulo yatha. Usadzanenenso. Kalata yochokera pa kompyuta kupita ku pulinta situluka m'nyumba muno, sipita ku nsanja ya TNM kapena ya Airtel, imangodutsa pa rauta n'kutembenukira ku pulinta. Bandulo ndi ya kutsegula imelo kapena WhatsApp kuti utenge chikalatacho. Chomwe chimakupusitsa n'chakuti foni ikaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti, imatha kuithawa mwakachetechete n'kubwerera ku data yake, ndipo ikatero pulinta siionanso. Uzimitse data ya foniyo, uibwezere pa Wi-Fi ya shopu, uona pulinta yatulukira. Chimodzimodzi kasitomala amene wamulowetsa pa Wi-Fi ya alendo: imeneyo anaipanga dala kuti mlendo aone intaneti yokha, asaone zipangizo za m'nyumba. Usaitsegule kuti afikire pulinta. Akutumizire chikalatacho, upulinte ndiwe.

Tsono tsiku lomwe zakana ngakhale wachita zonsezi, usagwire paliponse. Msodzi akafuna pomwe ukonde wang'ambika amayamba kunsonga imodzi, n'kumayenda nawo mkono ndi mkono mpaka kunsonga inayo. Iwenso yamba ndi funso limodzi: chasintha n'chiyani kuchokera pomwe inagwira komaliza? Magetsi anathima? Wina wasintha pasiwedi ya Wi-Fi? Mwana wakoka waya posesa? Kenako uone ngati pulinta payokha ikutha kutulutsa pepala lija la netiweki. Ikatulutsa, ndiye kuti inki, mapepala ndi makina ake zili bwino, usaitsegulenso m'mimba. Uyang'ane nambala yomwe ili papepalapo, uilembe pa kompyuta pomwe paja polemba keyala ya intaneti. Pakatseguka tsamba la pulintayo, msewu uli bwino, vuto lili m'kompyuta: mwina ikuloza nambala yakale, mwina pamzere wa zodikira kupulintidwa pali chikalata chimodzi chomwe chatsamwa n'kutsekereza zonse za m'mbuyo mwake. Ufufute zonse za pamzerepo, uyambenso. Tsambalo likakana kutseguka, ndiye kuti kompyuta ndi pulinta sizili pa netiweki imodzi, ubwerere ku rauta. Usinthe chinthu chimodzi, uyese, kenako china. Ukasintha zitatu nthawi imodzi n'kugwira, sudzadziwa chomwe chachiza, ndipo mawa udzayambiranso pachiyambi.

Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kakang'ono kolembedwa reset. Kameneko ndinakabaya ndi singano tsiku lina, aphunzitsi atatu atandiimirira pakhomo ndi mayeso a kumapeto kwa teremu oti ana alembe m'mawa mwake. Ndinali ndi phuma, ndinkaganiza kuti ndikuidzutsa. Rauta inafufuta zonse: dzina la Wi-Fi, pasiwedi, nambala ya pulinta, ndipo ine ndinalibe pomwe ndinazilemba. Aphunzitsiwo anakwera galimoto madzulo kupita ku boma, makilomita pafupifupi 20, kukapulintitsa kwina ndi ndalama za m'thumba mwawo. Mmodzi mwa iwo sanabwererenso pa shopu pano, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Kabowo kameneko ndi ka tsiku lomwe zina zonse zalephera, uli ndi kope m'manja.

Kopelo lili m'dirowa ya kumanzere, lachikuto chobiriwira. Muli nambala ya rauta, pasiwedi yolowera mu rauta, pasiwedi ya Wi-Fi, MAC adiresi ya pulinta, mtundu wa tona, ndi tsiku lililonse lomwe ndinasintha kanthu. Pasiwedi yomwe rauta imabwera nayo kusitolo uisinthe lero lomwe, chifukwa aliyense wogadabuza rautayo aiwerenga.

Nyanjayi imatidyetsa, koma makina siwakonda. Nyengo ya dzinja mapepala amamwa chinyezi, amapindika, n'kumalowa awiriawiri mpaka kutsamwa. Mpukutu wa mapepala usautsegule usanaufune, otsala uwabwezere m'pulasitiki, ndipo usawagoneke m'pulinta usiku. Pepala likatsamwa ulikoke pang'onopang'ono motsata njira yomwe limayendera, osalimbana nalo ndi mpeni. Mwera ukayamba mu Meyi mpaka Ogasiti, mchenga umalowa ngakhale zenera lili lotseka, choncho ukaweruka uzivundikira makina ndi nsalu, koma atazizira kaye. Mu Okutobala kutentha kwa kuno kumaumitsa inki pa timabowo ta pulinta yathu yaing'ono ya zithunzi, ndiye ngakhale pasakhale kasitomala uzipulinta tsamba limodzi la mitundu yonse sabata iliyonse. Usadyere mandasi pafupi ndi makina. Nyenyeswa zimaitana nyerere ndi mphemvu, ndipo zikapeza mofunda m'katimo zimamanga mudzi. Mitambo ikada chakunyanja, ziphaliwali n'kuyamba, zula mapulagi onse kukhoma, osangozimitsa switchi.

Za sola yomwe ukufuna kugula ndagwirizana nazo. Rauta imadya mphamvu yochepa kwambiri, batire laling'ono liisunga tsiku lonse, ndipo ikamakhala yosazima mavuto ambiri aja atha okha. Pulinta ya inki nayo siivuta. Koma yaikulu ya tona ija usaiyike pa inveta yaing'ono. Mkati mwake muli chitsulo chomwe chimatentha ngati simbi kuti tona imatirire papepala, ndipo poyamba kutentha imakoka mphamvu yambiri mwadzidzidzi. Idzagwetsa inveta, mwinanso kuiotcha.

Pomaliza, anthu obwera pano amatipatsa zinthu za mumtima mwawo. Msilikali wa kukampu amabweretsa kalata ya ngongole, mayi amabweretsa chitupa cha unzika ndi pepala la kuchipatala, a komiti ya padoko amabweretsa mayina a asodzi ndi ndalama zawo, mwana wa Fomu 4 amabweretsa satifiketi yomwe makolo ake anagulitsira mpunga wa ku Lifuwu kuti aipeze. Ukapulinta, ufufute pa kompyuta ndi pa foni yako iye akuona. Pepala lolakwika lokhala ndi dzina la munthu ung'ambe, lisakapezeke kumsika atakulungira usipa. Ndi chifukwa chakenso ndakana kuti makasitomala azilowa pa Wi-Fi imodzi ndi kompyuta ya shopu.

Loweruka m'mawa ndibwera dzuwa lisanakwere. Upezeke utatulutsa kale pepala la netiweki lija, kope lobiriwira lili patebulo ndi cholembera. Rauta yatsopanoyo tikailowa limodzi, koma wotaipa ukhala iwe.

Ndine malume ako.