KODI NKOYENERA KUSINTHA NTHANO YA MWINI?

Mwa mabuku a Cingelezi amene anthu satopa nao muli lina lochedwa Pride and Prejudice, limene analemba Jane Austen, ndipo linasindikizidwa m'caka ca 1813. Mkaziyo anamwalira mu 1817, koma kufikira lero akonzi a zithunzi zoyenda, ndizo kanema, alikutenga nkhani yace ndi kuibveka zobvala zina. Ndipo alembi ena amanga mabuku ao pa maziko ace. Tsono tifunse: kodi munthu acita cilungamo potenga nthano ya wakufa, amene sangathe kudzinenera, ndi kuisintha monga afuna?

Kusintha pa kokha si kulakwa ai. Agogo awiri sasimba nthano ya Kalulu mofanana, ndipo palibe amene amuyesa mmodzi wa iwo mbala. Mlandu ugona pa cimene wosimbayo acotsamo.

Taonani cimene Austen anaikamo. Bambo Bennet ali ndi ana akazi 5, wamwamuna alibe. Ndipo lamulo la colowa cao linati iye akafa, nyumba ya Longbourn ndi minda yace zipite kwa mbale wamwamuna, Bambo Collins. Cifukwa cace Mai Bennet posakira ana ao amuna usana ndi usiku sacita mwa kupusa kokha. Ali ndi mantha a mkazi wodziwa kuti akaika mwamuna wace angathe kuturutsidwa pakhomo. Mantha amenewa akazi amasiye a kwathu kuno awadziwa bwino. Charlotte Lucas, wa zaka 27, abvomera Collins wosamkonda, kuti apeze denga pamutu pace. Akuru anati, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Austen anang'amba nkhuyuyo kuti tione nyererezo.

Nanga akanema acita ciani? Cithunzi ca ku America ca 1940 cinasandutsa Collins, amene m'buku ali mbusa wosyasyalika, kukhala wosunga mabuku. Ndipo Lady Catherine, wodzikuza kufikira cimariziro, cinampatsa mtima wabwino pothera. Kumeneko ndiko kugulula nthano mano. Cithunzi ca BBC ca 1995, ca zigawo 6, cinatsata buku mokhulupirika koposa. Koma cimene anthu ambiri akumbukira ndico Colin Firth akuyenda ndi malaya onyowa atasambira m'dziwe, cinthu cosalembedwa m'buku konse. Apa mlandu wina uli wa ife oonerera, pakuti maso athu athamangira nkhope ndi nyumba zazikuru. Ulemu wa Darcy suli pa mapaundi 10,000 a pa caka. Uli apa, kuti atadzudzulidwa ndi namwali wocepa cuma, anamva, nadzicepetsa, napulumutsa Lydia ku manyazi mobisa, wosafuna kuyamikidwa. Mtsikana wakuturuka m'kanema atangophunzira kuti mphotho ya ukoma ndiyo mwamuna wolemera wanyengedwa, ndipo womnyenga si Austen.

Koma alipo ena amene asintha nthano naionjezera coonadi. Mu 2013 Jo Baker analemba buku la Longbourn, losimba nkhani yomweyo ndi maso a anchito a m'nyumbamo. Elizabeth akayenda m'matope kukazonda mbale wace wodwala, ife timtama cifukwa ca cikondi cace. Baker atikumbutsa kuti panali mdzakazi amene anacapa cobvala camatopeco ndi manja ong'aluka. Momwemonso Jean Rhys, wobadwira ku Dominica, mu 1966 analemba Wide Sargasso Sea, natenga mkazi wamisala wotsekeredwa m'cipinda ca pamwamba m'buku la Jane Eyre, la Charlotte Brontë la 1847, namsimbira ubwana wace wa ku Jamaica, kuti tidziwe kuti nayenso anali mwana wa munthu asanakhale coopsa ca usiku. Alembi awiriwa anacoka kutali ndi mau a eni nthano koposa akanema aja, komabe sanawanamize. Anaunika m'ngodya zimene eni ace anazisiya mumdima.

Potero muyeso wace suli kucuruka kapena kucepa kwa zosinthidwa. Wosimba ali ndi ufulu wa kutionetsa munthu amene buku linamlambalala, koma alibe ufulu wa kutibisira cowawa cimene buku linationetsa, cifukwa cokha cakuti zotsekemera zigulika msanga. Woyambayo alemekeza wakufa. Waciwiriyo abwereka dzina lace kuti agulitse malonda a iye mwini.

Inu owerenga, makamaka inu akulera ana ndi akuwaphunzitsa, musawaletse zithunzi zimenezi, pakuti zambiri nzokoma ndithu, ndipo zakokera anthu ambiri ku mabuku. Koma cikatha cithunzi, muwafunse mafunso awiri: Charlotte anakwatiwiranji, ndipo anacapa cobvala cija ndani? Mwana wokhoza kuyankha zimenezi ndiye waona nthano ya Austen.