Mphindi Ziwiri Zokha

Pali mawu amene amamveka paliponse pamene pajambulidwa kachizindikiro kabuluu ka munthu wokhala pa chikuku: "Sindichedwa, mphindi ziwiri zokha." Amanena ndi bambo amene waimika galimoto pamalo a anthu aulumali pakhomo pa shopu. Amanenanso ndi mayi amene walowa m'chimbudzi chachikulu chakumapeto chija poona kuti zinazo kuli mzere. Mawu ndi amodzi, anthuwo onse ndi alungalunga, koma ine ndimaona kuti milandu yawo si imodzi. Wa galimoto ndimamuweruza msanga. Wa chimbudziyo amandivuta.

Ambiri timaganiza kuti malo oimikapo galimoto aja anawaika pafupi ndi khomo pongofuna kupereka ulemu, ngati mmene timaperekera mpando wakutsogolo kwa amfumu pamaliro. Kuyandikirako n'kofunika, inde, koma nkhani yaikulu ndi kukula kwa malowo. Mukayang'anitsitsa, pambali pake pamakhala kampata kolembedwa mizere yopingasa. Ku America, kumene lamulo la Americans with Disabilities Act linasainidwa mu 1990, kampata kameneka sikayenera kuchepera mainchesi 60, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ntchito yake ndi yoti chitseko chitseguke chonse, chikuku chitsitsidwe n'kuima pambali pa mpando, kenaka munthu adzinyamule ndi manja kuchoka pampando kupita pachikukupo. Pamalo wamba, pamene magalimoto amathithikana mpaka wolungalunga yemwe amatuluka chammbali atabweza mimba, zimenezi sizitheka. Ndiye mukatenga malo aja musaganize kuti mnzanuyo mwangomutalikitsira ulendo pang'ono. Mwamutsekera m'galimoto mwake. Wa njinga yamoto amene amaimika pamizere yopingasayo, ati poti apa si pamalo penipeni, wachitanso chimodzimodzi.

Tsono mphindi ziwirizo. Vuto lake n'lakuti woimika galimoto amachokapo, ndipo galimoto silankhula. Mwini malo akafika sadziwa ngati mwalowa kukagula buledi kapena mwakhala pamzere wa ku banki. Ena amasiya atayatsa mahazadi, ngati kuti kuphethiraphethira kwa magetsiko ndi kupepesa. Komanso wa mphindi ziwiri sakhala mmodzi. Anthu 30 otere adya ola lathunthu, aliyense akudziona wosalakwa. Immanuel Kant, mu 1785, analemba zoti usanachite chinthu udzifunse ngati ungalole kuti chifukwa chakocho chikhale lamulo la aliyense. Apa funso lakelo silifuna digiri. Aliyense wachangu akaloledwa, malowo asanduka a anthu achangu, ndipo m'tauni ndani alibe changu?

Wina anena kuti, "Koma malowo amangokhala opanda kanthu tsiku lonse." Zoona. Koma ife obadwira kumudzi tikudziwa kuti tsala lili ndi mwini wake. Munda ukagonera chaka, sumangofika ndi khasu n'kuyamba kuunda mizere ati poti palibe chimanga. Ambulansi ikaima pachipatala m'mawa wonse osapita kulikonse, palibe amene amati tiyeni tikanyamulire matumba a feteleza. Pali zinthu zimene ntchito yake ndi kudikira. Malo aja akakhala opanda kanthu ndiye kuti akugwira ntchito, chifukwa munthu ali kunyumba kwake akhoza kunyamuka ali ndi chikhulupiriro choti akafika akatha kutsika.

Pali njira ina yodzudzulira imene ine siindisangalatsa. Ku France, pamalo oterewa amaika zikwangwani zouza wolandayo kuti ngati watenga malowo atengenso ulumali womwe. Kwathu kuno timati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza, kapena chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Miyambiyi ndi yoona, aliyense amene wadutsa pawodi ya ovulala pangozi za pamsewu sangatsutse. Koma taonani zimene imachita. Imasandutsa moyo wa mnzathu kukhala chiopsezo, chinthu chochititsa mantha ana. Ndipo imati ndimulemekeze chifukwa mwina mawa ndine, ngati kuti ulemu ndi inshulansi. Nanga nditalandira kalata yotsimikiza kuti ndidzafa ndi miyendo yanga yonse ili bwinobwino, ndiye kuti malowo ndingatenge? Mwini malo uja akufuna kugula shuga lero. Chifukwa chimenecho n'chokwanira popanda kundiopseza.

Chimbudzi n'china. Choyamba, wolowamo sachokapo. Ali momwemo, akumva kugogoda, akhoza kufuula kuti "ndikutuluka!" ndipo mphindi zake ziwiri nthawi zambiri zimakhaladi ziwiri. Chachiwiri, chimene chamulowetsamo si ulesi woyenda masitepe makumi awiri, ndi thupi, ndipo thupi silikambirana. Amene munatsegulako m'mimba muli paulendo mukudziwa. Ine ndimawerenga kachizindikiro kaja mosiyana pamalo awiriwa. Pansi pamene timaimika galimoto kamati "pano pali eni ake". Pachitseko cha chimbudzi kamati "muno chikuku chimalowa", zomwe sizikutanthauza kuti wina aliyense asapondemo. M'nyumba zambiri chipinda chomwecho ndimo muli kathebulo kosinthirapo mwana thewera, ndipo m'malo ena ang'onoang'ono chimbudzi chonse ndi chomwecho basi.

Ndikanatha kulekera pomwepa n'kunena kuti lowani, palibe mlandu. Koma ndikaganiza za mbali inayo, mtima sukhala pansi.

Ine wolungalunga ndili ndi zitseko zisanu zosankhapo. Iye ali ndi chimodzi. Ndikadikira, ndikudikira chilichonse mwa zisanuzo, ndipo china chitseguka posachedwa. Iye akudikira ine ndekha. Kuonjezera apo, anthu ambiri amene anavulala msana chikhodzodzo sichiwachenjeza nthawi ikadalipo monga chimachitira kwa ife, ndipo akalowa ntchito imakhala isanayambe n'komwe: kutembenuza chikuku, kutseka chitseko, kumanga mabuleki, kugwira chitsulo, kudzisamutsa, kulimbana ndi zovala atakhala pansi. Mphindi zanga ziwiri zimakaunjikana pamwamba pa zake zonsezo. Zikalephereka, mtengo wake si kuchedwa. Ndi munthu wamkulu, mwina mphunzitsi, mwina mayi wa ana atatu, kudzinyowetsa pagulu n'kubwerera kunyumba ali choncho. N'chifukwa chake pali anthu aulumali amene amadzimana madzi akumwa tsiku limene ali ndi ulendo, ngakhale m'dzuwa la Okutobala, zomwe zimawaika pachiopsezo cha matenda a m'njira ya mkodzo. Ife sitiwerengera makapu a madzi tisanapite kutauni.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa, ndipo otsutsa atsutse. Ngati chimbudzi china chili chotsegula, chachikulucho si changa, ngakhale chikhale choyera bwanji. Paja ambiri timachikonda chifukwa n'chotakasuka ndiponso muli sinki yakeyake, ndipo chimenecho ndi chilakolako, si vuto. Ngati zonse zadzaza ndipo zinthu zafika povuta, kulowa si tchimo, bola kuchita chimene wabwerera n'kutuluka. Si mosinthira zovala za ku ukwati, si moyankhiramo mauthenga a pa WhatsApp. Ndipo wa chikuku akafika mzere ulipo, chitsekocho n'chake poyamba, popanda wina kunena kuti "tonse tili pamzere". Sitili pamzere umodzi ayi. Ife tili pa wa zitseko zisanu.

Pali kanthu kenanso kamene sitikaganizira: mmene timachisiyira. Madzi kapena mkodzo wapansi, ife timangodumpha, zikavuta zimathera ku nsapato. Wa chikuku matayala amaponda momwemo, ndipo manja ake ali pamatayalapo. Ku Britain zimbudzi zoterezi zimakhala ndi chingwe chofiira choitanira thandizo, chimene chimayenera kulendewera mpaka pansi kuti munthu atagwa achifikire. Anthu aukhondo amachimangirira m'mwamba kuti chisamasokoneze pokolopa. Sakhala ndi mtima woipa. Amangokhala kuti sanagwepo pansi m'chimbudzi n'kulephera kudzuka.

Koma kodi wolungalunga timamudziwa bwanji? Apa m'pamene ndimachita mantha ndi apolisi odziika okha. Munthu akhoza kutuluka m'chimbudzi chija akuyenda bwinobwino, kumachita kudya m'chiuno, koma pansi pa malaya ali ndi kathumba kolandira chimbudzi chifukwa anamuchita opaleshoni ya matumbo, ndipo amafuna sinki pafupi kuti adzisamalire. Akhoza kukhala mayi wa fistula, matenda amene amayi ambiri kuno kwathu amakhala nawo mwakachetechete chifukwa cha kubereka kovuta. Akhoza kukhala wa mtima, amene mamita zana kwa iye ndi phiri. Ku England, mu 2019, anafutukula ndondomeko ya Blue Badge, chiphaso choimikira galimoto pamalo a aulumali, kuti ifikenso kwa anthu amene ulumali wawo suoneka ndi maso. Kumuimitsa munthu wotere n'kumufunsa kuti "inu mwalumala pati?" ndi kumukakamiza kusankha pakati pa kuvula chinsinsi chake pagulu ndi kutengedwa ngati wakuba. Choncho muyeso umene ndimadziyezera ndekha ndi wothina, chifukwa thupi langa ndikulidziwa. Wa mnzanga ndimausiya wotakasuka.

Ndikudziwa kuti pamenepa pali bowo. Tonse tikakhala chete, wopindula ndi bwana wa Prado uja. Ndaonapo kangapo mlonda akuchotsa yekha chotchinga pamalo a aulumali, n'kuchita sawatcha, chifukwa galimoto yabwerayo ndi yaikulu. Mlondayo sindimuda. Malipiro ake ndi ochepa, ndipo amene akanamudzudzulayo mwina ndi mnzawo wa abwana ake. Ubwino wa chiphaso ndi womwewu: mlonda amafunsa pepala, safunsa mwendo, ndipo amakhala ndi chonena kwa wamkulu popanda kuoneka wamwano. Pamene palibe chiphaso, zonse zimatsamira pa manyazi a munthu, ndipo manyazi amachepa galimoto ikamakula.

Malamulo tili nawo. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa Disability Act mu 2012, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano limene linasinthanso MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa mmodzi mwa khumi aliwonse ali ndi ulumali wina wake. Ambiri mwa anthu amenewa alibe galimoto, ndipo nkhani ya mizere yopingasa angaimve ngati nthano ya anthu okhuta. Chimbudzi chawo ndi chokumba, khomo lake lopapatiza, chikuku chimatsala panja, munthu n'kulowa chokwawa ndi manja pamene ena aponda. Poyerekeza ndi zimenezo, mkangano wanga wa mphindi ziwiri ukuoneka waung'ono. Komabe ndi anthu omwewo amene tsiku lina amabwera kutauni kudzatenga chiphaso cha unzika kapena kudzaona wodwala, n'kupeza kuti chimbudzi chimodzi chokha chimene anawamangira chili ndi loko.

Lokoyo ndiye amandipweteka kuposa zonse. Mukafunsa, yankho limakhala lakuti timakiya chifukwa anthu amaononga. Ndiye kuti khalidwe lathu alungalunga ndi limene labala loko, koma wolangidwa ndi wina. Ku Britain anayamba kukiya zimbudzi zotere mu 1981, koma kiyi wake, wotchedwa RADAR, ndi mmodzi wotsegula zimbudzi zikwizikwi, ndipo munthu amayenda naye m'thumba mwake. Kuno kiyi amakhala ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo wapita kukadya. Bambo wa imvi amayenera kuyendayenda m'makonde kufunsa chilolezo chokadzithandiza ngati mwana wa Sitandade 1, aliyense womumva n'kudziwa chimene chamuvuta. Kiyi akapezeka, chitseko n'kutseguka, m'katimo muli ndowa zitatu, zokolopera, makatoni a mafayilo akale, ndi njinga ya mlonda itatsamira pa chitsulo chogwirira chija.