Kodi Nesi Wosamala Nkhalamba Ndi Nesi Wocepa?

Anzanga acinyamata, ambiri a inu amene mwatsiriza Giredi 12 mukulakalaka kulowa sukulu ya unesi. Mukafunsidwa kumene mungakonde kukagwira nchito, yankho limabwera msanga: ku thiyeta ya ku UTH, kapena ku wodi ya amai oyembekezera. Ndi ocepa amene amachula nyumba ya okalamba ya ku Maramba mu Livingstone, cipatala ca Chainama, kapena hosipisi, kumene amasamalira anthu amene matenda ao sacizika. Ngakhale pakati pa manesi eni ake mumamveka mau akuti ogwira nchito kumeneko angosambitsa ndi kudyetsa cabe, ndipo nesi amene wapita ku Britain kukasamala okalamba amasekedwa mseri. Kodi kuweruza kumeneku n'kolungama?

Gwero lake n'losavuta kuona. Tinazolowera kuyesa nchito ya cipatala ndi kucira. Mwana akabadwa timalulutira, wodwala akatuluka timathokoza. Koma agogo amene anafa ziwalo sadzanyamukanso, motero timaganiza kuti wowasamala alibe cimene wapindula.

Taganizani za luso limene nchitoyi ifuna. Munthu wogona osadzuka ayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola 2 alionse, apo ai khungu la m'ciuno ndi la ku zidendene limaboola zilonda zimene zingamuphe. Wofa ziwalo akamwetsedwa phala mothamanga, phalalo limalowa m'mapapo ndi kuyambitsa cibayo. Wokalamba amene nzeru zayamba kusokonezeka sanena pamene papweteka. Nesi amazindikira poona nkhope, mapumidwe ndi kukana cakudya. Nthawi zambiri dokotala amakhala kutali, ndipo nesiyo amaganiza yekha cocita.

Mbiri nayonso itiphunzitsa. Cicely Saunders, amene anayamba monga nesi asanakhale dokotala, anatsegula hosipisi ya St Christopher's mu London mu 1967. Iye anaonetsa kuti mankhwala opha ululu monga mofini ayenera kuperekedwa pa nthawi zoikika, ululu usanabwerere. Kuno kwathu, mu 1987, cipatala ca Chikankata cinayamba kuyendera odwala AIDS m'makomo mwao, pa nthawi imene kunalibe ma ARV. Manesi aja sanaciritse anthuwo, koma anaphunzitsa mabanja kusambitsa, kudyetsa ndi kusasala abale ao. Kodi tinganene kuti nchito yao inali yocepa?

Nkhani yaikulu ili apa: tikapeputsa nesi wotere, tapeputsanso wodwala wake. Tikunena kuti munthu amene sadzabwereranso kumunda kapena ku ofesi sayenera manja aluso. Komatu ulemu wa munthu sutha cifukwa thupi lafooka, ndipo amene watsala ndi miyezi yocepa ndiye afunika kwambiri kuti miyeziyo ikhale yopanda zilonda, ululu ndi manyazi.

Sindikunena kuti nonse mupite kumeneko. Nchitoyi ndi yolemetsa. Msana umawawa, ndipo maliro a anthu amene mwawazolowera amacuruka. Thiyeta nayonso ifuna anthu. Koma posankha, musathawe nchitoyi poopa kusekedwa, ndipo mukadzavala yunifomu musadzaseke mnzanu amene anaisankha. Gulu lanu likapeza mpata, pitani mukaone nyumba ya okalamba imene muli nayo pafupi, mukapenye manja a manesiwo mmene agwirira nchito. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.