KODI NKOYENERA KULERA MBALAME M'KHOLA?

Mbalame ili ndi mapiko, ndipo nchito ya mapiko ndi kuuluka. Ici ngakhale mwana acidziwa. Komabe m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America, ndi m'mizinda ina ya mu Africa muno, muli nyumba zambiri m'mene mbalame zikhala m'makhola a waya moyo wao wonse. Kumeneko kulinso malo osungirako mbalame zimene eni ace adazitaya kapena adalephera kuzisamala, ndipo munthu wofuna angathe kukatengako imodzi kuti akailere kwace. Tsono funso lathu ndi ili: munthu wotereyu acita cifundo kodi, kapena angocotsa wandende m'ndende ina nakamtsekera m'ndende inzace?

1. Mbalameyi idalowa bwanji m'khola?

Titenge citsanzo ca cinkhwe cotuwa ca mcira wofiira, cimene kwao ndi ku nkhalango zamvula za ku Congo, Gabon, Cameroon ndi Ghana. Kumeneko zinkhwe ziuluka m'magulu, zigona pamodzi, ndipo ziikira mazira ocepa m'mphako za mitengo italiitali. Tsoka la mbalameyi lagona pa nzeru zace. Cinkhwe cina dzina lace Alex, cimene mai wofufuza Irene Pepperberg adagula mu 1977 ndipo cidafa mu 2007, cidaphunzira mau oposa 100, cinkasiyanitsa mitundu ndi maonekedwe a zinthu, ndi kuwerenga kufikira 6. Mbalame yoyankhula ngati munthu, ndani sangaikhumbire?

Cifukwa ca kukhumbira kumeneku, alenje adapaka ulimbo pa nthambi, adachera maukonde, adakwera m'mitengo kukatapa ana m'mphako. Kuyambira 1975 zinkhwe zoposa miliyoni imodzi zidatumizidwa kunja kwa Africa, osawerengera zambirimbiri zimene zidafera m'mabokosi ulendo usanathe. Ku Ghana ofufuza adapeza kuti pa zinkhwe 100 zimene zidalipo mu 1992, zokwana 90 kapena kuposa zidali zitatha pofika 2015, cifukwa ca malonda ndi kudula mitengo. Pomaliza, mu 2016, maiko a m'pangano la CITES, atasonkhana ku Johannesburg, adaletsa kugulitsa kunja zinkhwe zotuwa zogwidwa m'chire.

Musati nkhaniyi nja kutali. M'cigwa ca Zambezi ku Tete, ku Luangwa ndi ku Liwonde, m'nkhalango za tsanya, mukhala kacinkhwe kobiriwira ka nkhope yofiira, mbale wa timbalame timene Angerezi amaticha lovebird ndi kutisunga m'makhola. Nakonso kakucepa, pakuti tsanya akutha ndi nkhwangwa.

Pamenepa mwaona kuti mbalame siidadzilowetsa yokha m'khola. Adailowetsa ndi munthu.

2. Bwanji osangotsekula citseko?

Mwina mtima wanu wayankha kale kuti: tsekulani, iuluke! Nthawi zina yankho limeneli nlolungama. Ku Limbe wa ku Cameroon kuli malo ochedwa Limbe Wildlife Centre, kumene amalandira zinkhwe zolandidwa kwa ozembetsa. Amazicotsa ulimbo, amazipatsa mankhwala, amadikira miyezi kuti nthenga zodulidwa zimerenso, kenaka amazibwezera ku nkhalango. Zimenezi zikali kukumbukira kwao, ndipo kuzisunga m'nyumba kukadakhala kuba.

Koma lingalirani cinkhwe cimene cidaswedwa m'khola, cakhala zaka 20 m'cipinda ku London, ndipo mwini wace wamwalira. Sicidziwa cipatso codyedwa ndi cakupha, sicidziwa kuthawa kabawi, mapiko ace ngofooka. Mukacitulutsa kunja cifa ndi njala kapena cisanu. Mukacitumiza ku nkhalango cingathe kukapatsira zinzace matenda. Makolo adati cifundo cidapha nkhwali. M'mwambimo adafa ndi wocita cifundo, koma cifundo cosaganiza ciphanso wocitiridwa. Kutsekulira citseko mbalame yotere ndi kudzicotsera mtolo, uku tikudzinamiza kuti taipatsa ufulu.

3. Kugula ndi kulandira nkosiyana bwanji?

Anthu awiri angathe kubwera kunyumba madzulo, aliyense atanyamula khola lace, ndipo ndi maso simungawasiyanitse. Koma wina wagula, wina walandira.

Wogula wasiya malo opanda kanthu m'sitolo, ndipo ndalama zace ziitana mbalame ina kuti idzalowe pamalopo. Ngati mbalameyo idagwidwa m'chire, ndalamazo zifika m'manja mwa wochera ulimbo. Ngati idaswedwa m'khola, zilimbikitsa woweta kuswetsa ina, imene nayo idzafuna woisamala zaka makumi ambiri. Wolandira sagwiritsa mbalame ina iliyonse. Malo amene iye wasiya opanda kanthu adzalowapo mbalame ina yotayidwa imene idali kusowa pokhala.

Tsono mvetsani bwino. Khola silisanduka cinthu cabwino cifukwa cakuti mwini wace ngwokoma mtima. Likhalabe cipsera ca colakwa cimene anthu adacita. Koma colakwa cikacitika cisiya ngongole, ndipo ngongole iyenera kubwezedwa. Amene alanda colengedwa mphamvu yodzisamalira, asenza udindo wocisamalira. Wocita colakwayo akathawa kapena akamwalira, wina wa mtundu wace ayenera kuimirira m'malo mwace. Wolandira mbalame yotayidwa alipira mlandu umene sadapalamule yekha, monga acitira mbale mlandu wa pabanja.

Wina adzati: nanga wolandirayo sakondwera nayo mbalameyo? Indedi akondwera, ndipo palibe coipa pamenepo. Coipa ciyamba pamene cikondwerero ca munthu cikhala muyeso wa zonse, kotero kuti cikatha, cisamaliro naco citha. Umu ndi m'mene mbalame zambiri zidafikira ku malo osungirako aja.

4. Mtolowu ulemera bwanji?

Musanatambasule manja, yesani mtolo. Cinkhwe cotuwa cikhala zaka 40 kufikira 60 cikasamalidwa bwino. Kawirikawiri mwini wace atsogola kumanda. Cilira mokweza m'mamawa, citafuna mipando, ndipo cikacita mantha ciluma mpaka magazi. Cikasiyidwa cokha tsiku lonse cimayamba kudzizula nthenga mpaka cifuwa kukhala pamtunda, pakuti ndi mbalame ya m'gulu ndipo kusungulumwa kwa ico ndi matenda. Cifuna malo otambasulirapo mapiko ndi nthawi yotuluka m'khola tsiku ndi tsiku. Mpendadzuwa wokha sucikwanira. Cisowa ndiwo zamasamba ndi zipatso, koma mapeyala ndi cokoleti zicipha, monganso utsi wa m'khichini. Pali nthenda ina ya zinkhwe imene igwiranso anthu m'mapapo, nco cifukwa cace mbalame yatsopano iyamba yapimidwa ndi dokotala wa ziweto ndi kukhala payokha masabata angapo.

Koposa zonsezi, mbalame imene idadutsa m'manja ambiri siikhulupirira msanga. Ingathe kukhala miyezi osalola kukhudzidwa, ndipo mwina siidzayankhula konse. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati mufuna coseweretsa coti alendo adabwe naco, ilekeni. Kukana mtolo umene simungathe kuusenza si kuuma mtima ai. Kuulandira ndi kuutulanso panjira, kumeneko ndiko kuipweteka kawiri.

5. Yankho lathu

Mbalame ya m'chire isiyeni m'chire, musaigwire, musaigule. Imene ingathe kubwerera kwao, ibwerere. Imene singathenso, ilandireni, ngati muli ndi malo, nthawi ndi mtima wopirira, ndipo muilandire monga wobweza ngongole, osati monga wopeza cuma.

Mafunso oti muwasinkhesinkhe:

1. Kodi ndifuna mbalameyi cifukwa ca kusowa kwace, kapena cifukwa ca kukhumba kwanga?
2. Ikapanda kuyankhula, ikandiluma, kodi ndidzaisamalabe?
3. Ine ndikadwala kapena ndikamwalira, adzaidyetsa ndani?
4. Pa ziweto zimene zili kale pakhomo panga, nkhunda, nkhuku, galu, kodi pali ngongole imene sindinabweze?