Chimene chinagwetsa pusi

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Akuluakulu ankadzudzula dyera, komatu mwambiwu umafotokozanso ntchito ya ubongo: sungagwire zonse nthawi imodzi.

Pamsika wa ku Lundazi, Chitumbuka ndi Chichewa zimasakanikirana ndi mahutala a mabasi a ku Chipata. Makutu amatola zonsezo. Ubongo, mothandizidwa ndi chigawo chotchedwa thalamus, umasefa, mpaka mayi wogulitsa mtedza amangomva wogula amene akunenerera mtengo.

Kusefako kumatayitsa zambiri. Mu 1999, ofufuza Daniel Simons ndi Christopher Chabris anauza anthu kuti awerenge kuti ndi kangati osewera akupatsirana mpira mufilimu. Pafupifupi theka sanaone munthu wovala ngati gorila akudutsa pakati pawo! N'chifukwa chake wanjinga yamoto woyankha foni amatha kugunda mbuzi maso ali pamsewu pomwepo.