Ulendo wachiwiri wa Frederick Hall

Mamita 14 ndi mtunda waufupi, ngati kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe. Ndiwo unali pakati pa ngalande ya asilikali a ku Canada ndi mnzawo wovulala amene ankaitana ali gone panja, m'mawa wa pa 24 Epulo 1915, pafupi ndi tauni ya Ypres ku Belgium. M'bandakucha wa tsiku lomwelo Ajeremani anali atatulutsa mpweya wa poizoni kuti mphepo iukankhire kwa anyamatawo, ndipo zipolopolo zinkasesa malo onsewo, moti aliyense wodzutsa mutu ankadziitanira imfa. Wovulalayo ankangoitanabe, ndipo onse m'ngalandemo ankamumva.

Frederick Hall anali sajeni meja m'bataliyoni ya nambala 8, ya anyamata a ku Winnipeg. Anabadwira ku Kilkenny m'dziko la Ireland, ndipo anali ndi zaka 30. Anatuluka ndi anzake awiri kuti akamutenge wovulalayo, koma sanafike, ndipo awiriwo anavulazidwa. Kenaka Hall anatulukanso. Anakwawa mpaka anamufikira, ndipo ali mkati momunyamula chipolopolo chinamulasa m'mutu. Anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross, yoposa zonse zimene mfumu ya Britain inkapereka kwa olimba mtima pankhondo, koma maso ake sanaione.

Pamene mtima wanga umaima, Ambuye, ndi pakanthawi kaja ka pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri. Poyamba munthu amatha kudumpha asanaganize, magazi ali otentha, mantha asanapeze pokhala. Koma Hall anabwerera m'ngalande, anaona anzake awiri akukha magazi, anadziwa bwino lomwe zimene zinkamudikira kunjako, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanamuda atakhala pansi, popeza anali atayesa kale. Anali ndi nthawi yopuma, yoganiza, yodziuza kuti sajeni meja wamoyo ndi wofunika kwa ena onse otsalawo, ndipo kutero sikukanakhala kunama. Ndimadzifunsa ngati anapemphera, kapena ngati mawu a woitanayo anangomukulira, osamusiyira mpata wa pemphero. Mwina kwa Inu ziwirizi n'zosasiyana kwenikweni.

Chikalata cholengeza menduloyo chimatchula dzina la Hall yekha. Awiri aja chimangowatchula ndi maudindo awo, ndipo wogona panja uja, amene zonsezi zinachitikira iye, chimangoti munthu wovulala. Sindikudandaula nazo, pakuti chikalata chotere amachilembera munthu mmodzi. Koma ndikamawerenga maina a olandira mamendulo ndimaona kuti pambali pa dzina lililonse pali nambala ya bataliyoni, ndipo m'nambalamo ndi mmene mwabisala ena onsewo. Bataliyoni imodzi inkakhala ndi anthu pafupifupi 1,000. Canada inakhazikitsa mabataliyoni 260 okhala ndi manambala, koma ambiri atafika ku England anaphwasulidwa, anyamata ake n'kumwazidwa kuti akatseke mipata ya ophedwa ndi ovulala m'mabataliyoni amene anali kale kunkhondo. Choncho nambala inkakhala yomweyo pamene nkhope zinkasinthasintha, moti pamene Alexander Brereton ndi Frederick Coppins, a nambala 8 yomweyo, ankachita zowapezetsa Victoria Cross pafupi ndi Amiens mu Ogasiti 1918, zaka zitatu zinali zitadya ambiri mwa amene anamva kuitana kuja ku Ypres.

Mwa anthu oposa 600,000 amene analowa usilikali wa Canada pankhondo yoyamba ya dziko lonse imeneyo, olandira Victoria Cross anali pafupifupi 70. Kuti mendulo iperekedwe pankafunika mboni, zoti zaona, zakhala ndi moyo, n'kupeza wozimvera ndi kulemba. Nanga amene anakwawa usiku popanda womuona, kapena amene mboni zake zinafera limodzi naye? M'masiku ochepa a nkhondo ya ku Ypres imeneyo Canada inataya anthu pafupifupi 6,000, ophedwa, ovulala ndi ogwidwa, ndipo sindingakhulupirire kuti mwa onsewo ndi Hall yekha amene anatuluka kawiri. Thupi lake silinapezeke. Dzina lake linasemedwa pachipata cha chikumbutso cha Menin Gate ku Ypres komweko, pamodzi ndi maina oposa 54,000 a opanda manda odziwika, osanjidwa motsata magulu awo, ndipo kumeneko wabwerera pakati pa anzake a nambala 8.

Ku Winnipeg kunali msewu wotchedwa Pine Street, kumene Hall ankakhala, ndipo mumsewu womwewo munkakhalanso Leo Clarke ndi Robert Shankland. Atatu onsewa analandira Victoria Cross, aliyense m'bataliyoni yake, mwakuti mu 1925 mzindawo unasintha dzina la msewuwo kukhala Valour Road. Shankland, wa nambala 43, anagwira malo ake m'matope a ku Passchendaele mu Okutobala 1917, anabwerako wamoyo, ndipo anamwalira mu 1968. Nkhani ya Clarke, wa nambala 2, ndiyo imandilemera. Pa 9 Seputembala 1916, pafupi ndi Pozières ku France, Ajeremani pafupifupi 20 anamulowera m'ngalande, iye n'kulimbana nawo yekha, zipolopolo zake zitatha n'kutola mfuti zawo zomwe, mpaka otsala anathawa. Mwezi wotsatira bomba linamugwetsera dothi la ngalande, ndipo amene anamufukula anali mbale wake wa bere limodzi. Clarke anamwalira pa 19 Okutobala.

Mendulo ya Hall ndi ya Clarke ndi zofanana, mtanda womwewo, nsalu yomweyo. Wina anaipata pofuna kunyamula munthu mmodzi, wina pogwetsa ambiri. Sindikumuweruza Clarke, ine amene ndimagona m'nyumba yabata, pakuti akanathawa anzake ambiri akanafa, ndipo kuima kwake kunalinso kupulumutsa. Komabe Ajeremani ajawo anali ndi nambala ya gulu lawo, anali ndi misewu imene anakulira ndi amayi amene ankadikira makalata, ndipo mwina ena a iwo asanatsirizike anagona n'kumaitana m'chinenero chawo. Inu munamva kuitana kwa mbali zonse ziwiri, ndipo ndimalephera kuganiza kuti kwina munakumva mokweza kuposa kunzake. Ndimafuna kuwalemekeza anyamata a Pine Street ndi mtima wonse, ndipo ndimawalemekezadi, koma ndikafika pa Clarke pemphero langa limachedwa, chifukwa ndimayamba kuwerenganso amene anagwa patsogolo pake.